Nyongolotsi za m'magazi mwa agalu: mafunso ndi mayankho kwa oweta agalu ndi alangizi a ziweto ku Nkhotakota

Galu wa kuno ku Nkhotakota amagona panja, ndipo panjapo ndi pamene pali udzudzu wa m'madambo, wa m'minda ya mpunga m'mbali mwa Bua, wa m'mabango a ku Chia ndi wa m'ngalande za nzimbe ku Dwangwa. Muonjezerepo nthata, nkhupakupa ndi akashembe a m'mphepete mwa nkhalango yosungira nyama. Chilichonse mwa zoluma zimenezi chikhoza kusiya kachilombo m'magazi mwa galu, ndipo tina mwa tizilomboto ndi nyongolotsi. Kuona nyongolotsi pa maikulosikopu si kovuta. Ntchito yagona pa kudziwa kuti ndi mtundu uti, chifukwa wina umapha galu pomwe wina sufuna ngakhale mankhwala.

Nyongolotsi si za m'mimba kodi? Zimapezeka bwanji m'magazi?

Zija galu amatulutsa m'chimbudzi kapena kusanza ndi za m'matumbo, ndipo mazira ake amaoneka poyeza chimbudzi. Koma pali gulu lina la nyongolotsi zowonda ngati ulusi wosokera ukonde zimene sizikhala m'matumbo. Zikuluzikulu zimakhala mumtima ndi m'mitsempha yopita ku mapapo, pansi pa khungu, kapena m'mimba kunja kwa matumbo, malinga ndi mtundu wake. Siziikira mazira. Zimabereka tiana tamoyo, ndipo tianato timayandama m'magazi kudikira kachilombo koluma kuti katiyamwe. Ku labotale amatitchula kuti microfilaria. Kamodzi sikafika ngakhale theka la milimita, moti ndi maso simungakaone. Chimbudzi cha galu wotere mukachiyeza simupezamo kanthu, ndipo mapiritsi a njoka za m'mimba sapha zikuluzikulu zija.

Mitundu yake ndi iti?

Yofunika kuidziwa kuno ku Africa ndi inayi.

Yoopsa ndi Dirofilaria immitis, nyongolotsi ya mumtima. Yaikazi imatalika masentimita 25 mpaka 30, yaimuna 12 mpaka 20. Zimakhala m'mitsempha yochoka kumtima kupita ku mapapo, ndipo zikachuluka zimabwerera mpaka kudzaza mbali ya kumanja ya mtima. Imodzi imatha kukhala ndi moyo zaka 5 mpaka 7. Imafala ndi udzudzu, ndipo kwa anansi athu ku Mozambique inapezekapo mwa agalu a ku Quelimane.

Mbale wake ndi Dirofilaria repens. Nayonso imafala ndi udzudzu koma imakhala pansi pa khungu. Nthawi zambiri galu saonetsa chilichonse, mwina kuyabwa kapena kachotupa kolimba ngati nyemba.

Ziwiri zotsalazo ndi Acanthocheilonema reconditum, imene imafala ndi nthata ndi nsabwe za agalu n'kukakhala pansi pa khungu, ndi Acanthocheilonema dracunculoides, imene imakhala m'mimba kunja kwa matumbo ndipo imafala ndi nkhupakupa zofiirira za agalu komanso ntchentche zina zaphwatalala zimene zimamatirira m'ubweya. Ziwirizi zimapezeka kwambiri kum'mawa ndi kummwera kwa Africa ndipo sizidwalitsa galu kwenikweni. Ndi zimene zimasokoneza anthu: munthu waona kanthu kakugwedezeka pa kagalasi, n'kulengeza kuti galu ali ndi nyongolotsi ya mumtima, pomwe vuto lake ndi nthata.

Galu akalumidwa lero, zioneka liti poyeza?

Si msanga. Udzudzu ukayamwa magazi a galu wodwala, tiana tija timakula m'thupi mwa udzudzuwo kwa masiku 10 mpaka 14 kukakhala kotentha madigiri 27. Kukazizira kutsika madigiri 14 timaleka kukula, koma m'mphepete mwa nyanja muno kuzizira kotero sikukhalitsa, ngakhale mwera utawomba mu Juni ndi Julaye. Udzudzuwo ukaluma galu wina, kanyongolotsi kamalowa pabala la kulumako, kamayenda pansi pa khungu ndi m'minofu kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo, kenako kamalowa m'mitsempha mpaka kukafika ku mapapo. Kuti kakhwime n'kuyamba kubereka pamatha miyezi 6 kapena 7.

Choncho galu amene walumidwa mu Febuluwale, dzinja lili pakati, tiana tidzaoneka m'magazi mwake cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Kumuyeza mu Meyi n'kusapeza kanthu sikutanthauza kuti alibe.

Mfundo yomweyi imathandiza pa tiagalu. Mukapeza microfilaria mwa kagalu ka miyezi itatu kapena inayi, si kuti kali ndi nyongolotsi zazikulu mumtima, chifukwa nthawi siinakwane. Mwina ndi reconditum, imene imakhwima m'miyezi iwiri kapena itatu, kapena ndi tiana timene kanatengera kwa make kali m'mimba. Totengera kwa maketo sitikula kukhala nyongolotsi zazikulu popanda kudzera mwa udzudzu.

Ndingadziwe pongomuyang'ana galuyo?

Mungathe kukayikira, koma osati kudziwa. Kwa miyezi yambiri galu amadya bwino, ubweya uli see, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Choyamba chimene alenje amaona ndi kutopa msanga: galu amene ankatsogola pa uzimba wayamba kutsalira, akathamanga pang'ono wefuwefu, n'kukagona pamthunzi. Kenako pamabwera chifuwa chouma chimene chimakula akatha kuthamanga, kuonda ngakhale akudya, ndipo matenda akakula mimba imatupa ndi madzi pomwe nthiti zikuwerengeka. Ena amakomoka akathamanga.

Pali tsiku limene nyongolotsi zochuluka zimatseka njira ya magazi polowera mumtima. Galu amangogwa mwadzidzidzi, nkhama zili mbuu, kupuma movutika, mkodzo wofiira ngati tiyi wopanda mkaka. Wotere amafa m'masiku awiri kapena atatu ngati nyongolotsizo sizichotsedwa ndi opaleshoni.

Nkhama zoyera ndi mkodzo wofiira ndiye kuti ndi nyongolotsi?

Kawirikawiri ayi. Mwa galu wa kuno, choyamba kuganizira ndi matenda a nkhupakupa oyambitsidwa ndi Babesia. Aka si kanyongolotsi. Kamakhala m'kati mwa maselo ofiira a magazi n'kumawaphwanya, mofanana ndi momwe kachilombo ka malungo kamachitira mwa munthu. Galu amatentha thupi kupitirira madigiri 40, pomwe wabwinobwino amakhala pakati pa 38 ndi 39.2, amakana chakudya, ndipo zonsezi zimabwera m'masiku ochepa. Nyongolotsi ya mumtima nthawi zambiri siitenthetsa thupi, ndipo mbiri yake imakhala ya miyezi.

Ehrlichia canis, wobweranso ndi nkhupakupa, amadziwika ndi kamfuno, timadontho ta magazi pa nkhama ndi pamimba, ndi kuonda kwa nthawi yaitali. Kagalu kakang'ono ka nkhama zoyera ndi chimbudzi chakuda ngati phula nthawi zambiri kali ndi njoka zoyamwa magazi m'matumbo, ndipo yankho lili m'chimbudzi, osati m'magazi. Galu wobweza chakudya atangomeza, amene akuonda ndi kuvutika kumeza, mumuganizire Spirocerca lupi, nyongolotsi yofiira imene imapanga chotupa pam'mero, ndipo amaitenga podya tizikumbu togubuduza ndowe kapena abuluzi ndi nkhuku zimene zadya tizikumbuto. Galu mmodzi akhoza kukhala ndi ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi nthawi imodzi, n'chifukwa chake kupeza chimodzi si chifukwa cholekera kufufuza.

Magazi atengedwe bwanji, ndipo nthawi yanji?

Mangani galu kukamwa ndi kansalu kapena bandeji, ngakhale akhale wofatsa. Galu amene akuonetsa zachilendo, monga kuluma chilichonse kapena kuchucha dovu, musamukhudze n'komwe, itanani a vetenale chifukwa cha chiwewe. Mwini galu agwire mwendo wakutsogolo pachigongono n'kufinya kuti mtsempha wa pamwamba pa mwendo utukumuke. Pukutani ndi sipiriti, bayani ndi singano ya 21 kapena 22, mukoke magazi okwana 3 ml. Thirani m'kachubu ka chivindikiro chapepo, kamene kali ndi EDTA woletsa magazi kuundana, ndipo mukatembenuze pang'onopang'ono kasanu kapena kupitirira. Osakhutchumula. Magazi akaundana, tiana timakodwa m'chibulumacho ndipo kuyeza kumalephereka.

Tiana ta Dirofilaria timachuluka m'mitsempha ya kunja madzulo ndi usiku, nthawi imene udzudzu umaluma. Ngati n'kotheka tengani magazi dzuwa litapendeka, kuyambira cha m'ma 4 koloko.

Musanamasule galu, boolani pang'ono kunsonga kwa khutu, mutenge kadontho koyamba n'kukapaka mopyapyala pa kagalasi. Magazi a kunsongawa ndiwo amaonetsa Babesia bwino akathiridwa utoto wa Giemsa. Kachubu kaja kalembeni dzina la galu, mudzi, tsiku ndi ola, n'kukaika m'bokosi la ayezi koma kasakhudzane ndi ayeziyo. Magazi oumitsidwa mufiriza saonekanso bwino pa maikulosikopu.

Kungoika dontho pa kagalasi sikukwanira?

N'koyambira chabe. Dontho limodzi la magazi atsopano, kovindikira kake pamwamba, n'kuyang'ana ndi diso la 10 la maikulosikopu, lokulitsa kakhumi lija. Ngati tiana tilipo tambiri muona maselo ofiira akukankhidwa uku ndi uku. Kayendedwe kake kamapereka chithunzi: ka immitis kamapindikapindika pamalo amodzi, ka reconditum kamayenda kudutsa pagalasi ngati njoka mpaka kutuluka pamene mukuyang'ana. Komanso ta immitis nthawi zambiri timakhala tambiri, ta reconditum towerengeka.

Vuto ndi lakuti dontho ndi magazi ochepa zedi. Tiana tikakhala tochepa simutiona, ndipo kanthu koyenda simungakayeze kutalika. Kumene kuli makina ozunguza timachubu topyapyala toyezera kuchuluka kwa magazi, zunguzani kwa mphindi zisanu n'kuyang'ana pamwamba penipeni pa kamzere koyera kolekanitsa maselo ofiira ndi madzi ake. Tiana timasonkhana pamenepo. Njirayi imaona zambiri kuposa dontho, koma nayonso siitchula mtundu.

Njira ya Knott ndiye iti?

Ndi imene labotale iliyonse ya maikulosikopu ndi centrifuge (makina ozunguza machubu) ingathe, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Imasonkhanitsa tiana tonse ta mu 1 ml ya magazi pamalo amodzi, n'kutiumitsa titaongoka kuti tiyezedwe.

Yambani ndi fomalini wa 2 peresenti. Tengani 2 ml ya fomalini wosasungunula, wa 37 mpaka 40 peresenti uja, muthire mu 98 ml ya madzi a distilled. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amatenga fomalini wa 10 peresenti wosungira ziwalo. Ameneyo saphwanya maselo ofiira, amawaumitsa, ndiye pansi pa chubu pamadzaza matope ofiira okwirira chilichonse.

Mu chubu cha 15 ml thirani 9 ml ya fomalini wa 2 peresenti ndi 1 ml ya magazi. Tsekani, mutembenuze kangapo mpaka zisanduke zofiira koma zoonekera ngati sobo wosungunula. Ngati zikadali zambuu, maselo sanaphwanyike, dikirani mphindi zingapo. Zunguzani kwa mphindi zisanu pa liwiro la 1,000 mpaka 1,500 pa mphindi. Khuthulani madzi a pamwamba kamodzi n'kamodzi, mosabwezabweza, kuti kanthu koyera kamene kakhala pansi kasavunduke. Pa kanthuko donthezani dontho limodzi la utoto wa methylene blue wa 0.1 peresenti, sakanizani, ikani pa kagalasi n'kuvindikira. Yang'anani ndi diso la 10 mzere ndi mzere mpaka kagalasi konse kathe, ndipo zotsala m'chubu muziyang'anenso pa kagalasi kena. Kuona maso a nkhono n'kudekha: galu wa reconditum akhoza kukhala ndi tiana tiwiri tokha m'chubu chonse.

Ubwino wina ndi wakuti magazi osakanizidwa ndi fomalini saonongeka msanga ngakhale popanda firiji. Mlangizi wa ku Mwansambo kapena ku Dwambazi akhoza kusakaniza komweko n'kutumiza mawa lake. Koma asathire magazi onse: 2 ml yotsalayo ikhale m'kachubu ka EDTA, chifukwa njira zina zonse sizigwira ntchito pa magazi a fomalini. Fomaliniyo amawawa m'maso ndi m'mphuno, valani magolovesi ndipo mutsegule mawindo.

Tiana taoneka. Ndisiyanitse bwanji?

Sinthani kupita pa diso la 40, muyang'ane zinthu zitatu: kutalika, mutu, mchira. Kutalika kumafuna kamuyeso ka m'diso la maikulosikopu, ndipo kamuyesoko kakhale kotsimikizidwa pa maikulosikopu yomweyo. Yezani tiana tokwana khumi, osati kamodzi, ndipo musankhe toongoka. Muyeso wake ndi maikulomita, ndipo maikulomita 1,000 ndiwo milimita imodzi.

Ka immitis kamatalika maikulomita 290 mpaka 330. Mutu wake umasongoka pang'onopang'ono ngati pensulo, thupi ndi loongoka, mchira woongoka wa nsonga yakuthwa. Ka repens ndi kakakulu pa tonse, 350 mpaka 385, konenepanso, mutu wobulungira, ndipo mchira nthawi zambiri umapindika ngati chogwirira cha ambulera. Ka reconditum ndi kakafupi ndi kowonda, 250 mpaka 288, mutu wake ngati wodulidwa ndi mpeni, mbali zake zolingana osasongoka, thupi lopindika pang'ono, mchira wa mbedza. Ka dracunculoides nakonso ndi kakafupi, sikafika 270, mchira woongoka, ndipo kusiyanitsa iko ndi ka reconditum ndi muyeso wokha n'kovuta. Mwayi wake, pa nkhani ya mankhwala ziwirizi zimayendera pamodzi.

Mchira musaudalire kwambiri. Mbedza ija siioneka pa tiana tonse ta reconditum, ndipo kanthu kouma molakwika kamapinda mchira kulikonse. Kutalika ndi mutu ndizo zodalirika. Malire ovuta ali pa 285 mpaka 295, pamene reconditum wamtali amakumana ndi immitis wamfupi. Miyeso ikagwera pamenepo, musalote, pitani ku njira ina. Dziwaninso kuti manambalawa ndi a njira ya Knott yokha. Tiana touma pa kagalasi ka Giemsa kapena tosefedwa ndi kasefa timafupika, ndiye manambalawa sagwira. Ndipo mukaona magulu awiri osiyana kutalika pa kagalasi kamodzi, si kulakwitsa kwanu: galuyo ali ndi mitundu iwiri.

Muyeso ukalephera, chatsala n'chiyani?

Pali utoto wa acid phosphatase umene umafiiritsa mbali zosiyana za thupi la kanyongolotsi. Immitis amaonetsa madontho awiri ofiira, lina cha kumutu lina cha kumchira. Repens amaonetsa limodzi cha kumchira. Reconditum amafiira thupi lonse, ndipo dracunculoides amaonetsa malo atatu kapena kuposa. Utotowu umafuna magazi atsopano opanda fomalini. Njira yomaliza ndi PCR, yoyeza chibadwa (DNA) cha kanyongolotsi, imene imatchula mtundu mosakayikitsa pogwiritsa ntchito magazi a EDTA, koma imachitika ku labotale zazikulu zokha.

Nanga tizipangizo tija tokhala ngati toyezera malungo?

Timeneto sitifuna tiana. Timafufuza zinthu zimene nyongolotsi zazikulu za immitis, makamaka zazikazi, zimatulutsira m'magazi. N'chifukwa chake timathandiza kwambiri: timayankha funso lenileni, lakuti mumtima muli nyongolotsi kapena ayi. Tina monga SNAP 4Dx timayezera pamodzi ndi matenda a nkhupakupa a Ehrlichia ndi Anaplasma, ndipo yankho limatuluka m'mphindi zosakwana khumi.

Timanama pa zifukwa zodziwika. Timati mulibe pomwe zilimo ngati nyongolotsi sizinakwane miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ngati zilimo zazimuna zokha, ngati yaikazi ndi imodzi kapena ziwiri, kapena ngati chitetezo cha m'thupi mwa galu chamanga zinthu zija moti kachipangizo sikaziona. Timathanso kunena kuti zilimo pomwe mulibe, ndipo chimodzi mwa zoyambitsa ndi Spirocerca lupi ija ya pam'mero. Zina ndi zolakwa za anthu: kachipangizo kotha masiku, kosungidwa m'galimoto yotentha pa dzuwa la Okutobala, kogwiritsidwa ntchito kakadali kozizira kuchokera mufiriji, kapena kowerengedwa nthawi yake itadutsa. Werengani pepala lake, musaloweze za mtundu wina. Mzere wotuwa ndi mzere ndithu, koma kuwala kapena kuda kwake sikunena kuchuluka kwa nyongolotsi.

Kachipangizo ndi maikulosikopu zikasemphana ndikhulupirire chiti?

Kusemphanako ndi uthenga, n'chifukwa chake njira ziwirizi ziyenera kuyendera pamodzi. Zonse zikavomera, ndipo tiana tikufanana ndi immitis, nkhani yatha. Kachipangizo kakavomera koma tiana palibe, zimachitika ndithu: chitetezo cha galu chapha tiana, nyongolotsi ndi zazikazi zokha, kapena galu anabayidwa ivermectin wa mphere posachedwa. Funsani mwini galu za jakisoni ameneyo, ndipo bwerezani ndi kachipangizo ka kampani ina musanayambe mankhwala. Ekisileyi ya pachifuwa imathandiza, chifukwa imaonetsa kutupa kwa mitsempha ya m'mapapo komanso chotupa cha pam'mero ngati chilipo.

Tiana tikakhalapo koma kachipangizo kakukana, nthawi zambiri ndi Acanthocheilonema kapena repens. Yezani kutalika. Ngati muyeso ukunenabe immitis, ndiye kuti mwina zinthu zija zamangidwa, kapena zikuluzikulu zinafa n'kusiya tiana, timene timatha kukhala m'magazi mpaka zaka ziwiri. Zonse zikakana koma galu akutsokomolabe, bwerezani pakatha miyezi isanu ndi umodzi, uku mukufufuza matenda ena.

Ndaona tinthu tating'ono tothamanga pakati pa maselo. Ndi tomweto?

Yerekezani ndi selo lofiira, limene ndi maikulomita 7. Microfilaria imatalika ngati maselo 40 ondandalikidwa, ndipo imaoneka bwinobwino ndi diso la 10. Kanthu kotalika ngati maselo atatu kapena anayi, kothwanima pamene kakuthamanga, kofuna diso la 40, ndi Trypanosoma, kobwera ndi kashembe. Kuno ku Nkhotakota zimenezi si zachilendo. Galu amakatenga polumidwa kapena podya nyama yaiwisi ya m'tchire. Amatentha thupi mobwerezabwereza, amatupa nkhope ndi mwanabere, ndipo maso amachita khungu loyera ngati utsi. Tizilomboti timafa msanga m'chubu, choncho magazi ayezedwe pasanathe maola anayi.

Mukapeza zimenezi dziwitsani ofesi ya za ziweto, chifukwa mtundu umodzi wa tizilomboti ndi umene umadwalitsa anthu kaodzera. Galu wodwala akusonyeza kuti akashembe a m'deralo akhoza kukhala nato.

Bwanji osangobaya ivermectin, poti amapha nyongolotsi?

Chifukwa akhoza kupha galu. Ivermectin wa ng'ombe ali ndi mamiligalamu 10 mu 1 ml iliyonse. Mlingo wotetezera galu ku nyongolotsi ya mumtima ndi maikulogalamu 6 pa kilogalamu, kamodzi pamwezi (maikulogalamu 1,000 ndiwo miligalamu imodzi). Kwa galu wa makilogalamu 15, ndiye kuti 0.009 ml, kadontho koti sirinji wamba siingayeze. Anthu akamabaya theka la 1 ml kapena 1 ml yathunthu amakhala apitirira mlingowo kambirimbiri. Ngati magazi a galuyo adzaza tiana, timafa tonse nthawi imodzi, ndipo m'maola ochepa galu amasanza, kunjenjemera, kupuma movutika mpaka kukomoka. Agalu a mtundu wa Collie ndi abale ake ivermectin wambiri amawalowa m'bongo ngakhale alibe nyongolotsi.

Ndipo jakisoni ameneyo zikuluzikulu sazipha. Amangofafaniza umboni, woyeza mawa sapezanso tiana. Berenil naye si wa nyongolotsi. Ndi wa Babesia ndi Trypanosoma, amaperekedwa kamodzi pa mlingo wa mamiligalamu 3.5 pa kilogalamu galu atakwezedwa pa sikelo, ndipo kubwereza m'masiku otsatira kumaononga bongo.

Zikatsimikizika, chithandizo chake n'chotani?

Acanthocheilonema safuna mankhwala opha nyongolotsi. Thanani ndi nthata, nsabwe ndi nkhupakupa, pa galu ndi pogona pake pomwe. Repens amachepetsedwa ndi moxidectin wodontheza pakhosi mwezi ndi mwezi, ndipo kachotupa kamachotsedwa.

Immitis ndi ntchito ya dokotala wa ziweto ndipo imatenga miyezi. Galu amayamba mankhwala oteteza a mwezi ndi mwezi, tsiku loyamba akuyang'aniridwa, pamodzi ndi doxycycline, mamiligalamu 10 pa kilogalamu kawiri pa tsiku kwa masiku 28. Doxycycline amapha bakiteriya wotchedwa Wolbachia amene nyongolotsizo zimadalira, ndiye zimafooka. Kenako pamabwera melarsomine, jakisoni wobaya m'kati mwa mnofu wa msana: woyamba pa tsiku la 60, wachiwiri pa 90, wachitatu pa 91. Kumene melarsomine sakupezeka, dokotala amapitiriza ndi doxycycline ndi mankhwala a mwezi ndi mwezi, koma zikatero nyongolotsi zimatenga chaka kapena kuposa kuti zithe, ndipo nthawi yonseyo mitsempha ikuonongekabe.

Chimene chimapha agalu ambiri pa chithandizo si mankhwala, ndi kuthamanga. Nyongolotsi zakufa zimaduka zidutswa n'kukatsakamira m'mitsempha ya m'mapapo. Galu akathamanga, mtima umakankha zidutswazo mwamphamvu n'kutseka njira. Akhale m'khola kapena pachingwe chachifupi, pamthunzi, kuyambira tsiku lopezeka ndi matenda mpaka masabata 6 kapena 8 atabayidwa komaliza. Uzimba, kutsatira njinga, kusewera ndi ana, zonse ziime. Kuyezanso ndi kachipangizo kuchitike pakatha miyezi 9 chibayireni jakisoni womaliza.

Anthu a pakhomo angatengeko? Si mntchofu umenewu?

Si mntchofu. Mntchofu, matenda otupitsa miyendo aja, umayamba ndi Wuchereria bancrofti, nyongolotsi ya anthu okha, ndipo mu 2020 bungwe la WHO linavomereza kuti dziko la Malawi lagonjetsa matendawa. Galu alibe nawo mbali. Kusisita galu, kunyambitidwa kapena kukhudza magazi ake sikupatsa munthu nyongolotsi zimenezi. Mwa apo ndi apo udzudzu umasiya Dirofilaria mwa munthu, koma siikula bwino: repens amapanga kachotupa pakhungu kapena pa diso, immitis amasiya kabuluma m'mapapo kamene kamaoneka pa ekisileyi. Kachotupa kachilendo mupite nako kuchipatala.

Ndiziyezetsa liti, ndipo kupewa kwake n'kotani?

Kagalu kosakwana miyezi 7 kakhoza kuyamba mankhwala oteteza popanda kuyezedwa, kuyambira masabata 6 mpaka 8 malinga ndi mtundu wa mankhwalawo, n'kudzayezedwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Galu wa miyezi 7 kupita m'tsogolo ayezedwe kaye ndi njira zonse ziwiri. Pambuyo pake kamodzi pachaka, ndipo chilimwe ndi nthawi yabwino chifukwa zolumidwa m'dzinja zimakhala zayamba kuoneka. Mankhwala oteteza agwiritsidwe ntchito chaka chonse, ndipo akhale opangidwira agalu. Kwirirani zithaphwi, tayani madzi a m'matayala ndi m'zitini, ndipo ngati khola la galu lingatchingidwe ndi neti yakale madzulo, chitani. Galu wochokera ku Mozambique kapena ku doko lina ayezedwe pofika, ndi kubwerezanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Ndiyambire kuti, ndipo ndinene chiyani?

Yambani ndi mlangizi wa ziweto wa ku EPA (ofesi ya ulangizi wa zaulimi ya m'dera) yanu kapena ofesi ya za ziweto paboma. Iwo ndi amene angatenge magazi ndi kuwatumiza ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe ngati pakufunika. Ku Lilongwe komweko kuli chipatala cha ziweto cha LSPCA ndi madokotala ena oyima paokha. Imbani foni kaye kufunsa ngati tizipangizo tilipo, galu wodwala asayende ulendo wodzera ku Salima pachabe.

Konzekani kuyankha izi: msinkhu wa galu, kumene anabadwira ndi kumene wakhalako m'chaka chathachi, ngati amapita ku uzimba kufupi ndi nkhalango, tsiku limene chifuwa kapena kutopa kunayamba, ndi mankhwala onse amene walandira m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi. Ngati munabaya ivermectin kapena Berenil nokha, nenani tsiku ndi kuchuluka kwake, ndipo botolo lake mulinyamule.